Fulapu ya kumanzere ndi suti ya amalume

Ulendo woyamba wa ku Phalombe unathera pa mzere wa mafuta ku Kawale. Ndinakhala pamzerepo masiku awiri, kagalimoto kanga ka takisi kali kouma gwa, pamene kwawo kwa Mervis anali atapha tambala n'kuyala mphasa, akudikira kuti amalume anga adzafunsire mbeta. Mervis amasoka zovala mumsika wa Kawale, ndipo makolo ake anabwera ku Lilongwe kalekale kudzafuna ntchito, koma za banja lake mwini mawu anali amalume ake kumudzi, a Muhiwa. Anadikira mpaka nkhuku kulowa m'khola. Uthenga umene anatumiza unali waufupi. Anati anyamata a m'tauni amawadziwa, pakamwa amatha koma kufika safika. Anatipatsa tsiku lina limodzi lokha, Loweruka lina mu February, nthawi isanakwane 12 koloko masana, ndipo tikadzalepheranso ndidzangoiwala kuti kunja kuno kuli Mervis.

Mkwiyo umenewo ndi umene unandichititsa kugulitsa takisi ija n'kugula galimoto yamagetsi, imene inali itakhalitsa pogulitsira chifukwa anthu ankaiopa. Abale inu, galimoto imene ija! Yoyera mbee, yopanda utsi, yopanda phokoso, ukangodina batani basi yakonzeka. Ndinkaitchaja pa soketi ya pakhonde kwathu ku Area 23 ngati foni. Ndikamadutsa pa mzere wa mafuta ndinkatsitsa galasi dala kuti anzanga a takisi andione, Mulungu andikhululukire.

Amalume anga a Gwaza, achimwene a mayi anga, akhala akuwongola magalimoto ku Biwi kuyambira ndisanabadwe, ndipo ndi amene anandilera bambo atamwalira. Nditawapititsira galimoto ija anaizungulira katatu manja ali kumbuyo. Anapempha kuti ayeseko. Atangoponda pang'ono inalumpha n'kukagunda mulu wa matayala akale, amakaniki onse n'kufa nazo kuseka. Anatsika n'kulumbira kuti galimoto yopanda kilatchi sadzaigwiranso chiwongolero mpaka kalekale. Kenaka anagwada n'kusuzumira pansi.

"Lonjezo, galimoto yakoyi ndi yabwino, sindikukana. Koma ikuyenda mbulanda."

"Mbulanda bwanji, Malume?"

"Mafulapu ali kuti?"

Ankanena mphira zija zimalendewera kumbuyo kwa matayala kuti zitchinge matope ndi miyala. Ndinawauza kuti pa gulu lathu la pafoni, la ife ochepa amene tili ndi magalimoto amenewa, anzanga amati mafulapu amakola mphepo n'kumadya batire, ndiponso kuti amene anaipanga ku Japan si opusa.

"Ku Japan kuli msewu wa ku Chinsapo?" anandifunsa. "Mota yake ili kumbuyoku, imakankha ndi matayala akumbuyo, ndipo wayiona wekha kuti imalumpha isanaganize. Izilavula miyala ngati legeni. Penti ya m'munsimu siitha chaka, ndipo wa kabaza amene ali pambuyo pako adzakutukwanira mayi ako, amene ndi mlongo wanga."

Sanadikire yankho. Anatenga lamba wakale wa pafakitale, wakuda, wokhuthala, n'kudula mafulapu anayi ndi mpeni wawo wonolanola. Anawamanga ndi mabawuti awiriawiri, mwaluso ndithu, osakanda penti ngakhale pang'ono. Koma kunyansa kwake! Galimoto yanga yokongola ija inaoneka ngati yamera makutu a njovu. Ndinathokoza ndi pakamwa pokha.

Tinanyamuka Lachisanu m'mawa cha m'ma sikisi, chifukwa ndinadziwa kuti batire silingatifikitse tsiku limodzi. Amalume ndinawatengera kwawo ku Chipasula. Anatuluka atavala ovolosi yawo ya masiku onse, m'manja atanyamula suti ili m'pepala la pulasitiki. Inali ya mtundu wa phulusa, yowala, yomwe anakwatirira, ndipo ndinali nditaiona kawiri kokha, pa maliro a bambo anga ndi pa tsiku limene ndinabatizidwa. Anaipachika kumbuyo mosamala ngati khanda. M'buti munali shuga, sopo, mchere ndi zitenje ziwiri.

Patsogolo pa chiwongolero pamaoneka nambala yosonyeza makilomita amene atsala m'batire, ndipo ulendo wonsewo maso anga anali pamenepo kuposa pamsewu. Ku Nathenje ndi ku Linthipe inkatsika mwaulemu. Titayamba chikweza cha ku Dedza inayamba kugwa ngati masamba a m'chilimwe. Ndinazimitsa wayilesi, ndinazimitsa fani, galasi likachita nkhungu amalume ankapukuta ndi mpango wawo wa m'thumba. Pa rodibuloko wapolisi anaweramira pawindo n'kunena kuti, "Bwana, bwanji mwazimitsiratu injini, mukuganiza kuti tikusungani?" Nditamuuza kuti ikuyaka, anaitana anzake awiri. Anaika makutu pa boneti ngati anamwino a sikelo, n'kutiuza kuti tipite koma pang'onopang'ono kuti aione bwino.

Pa Lizulu tinakangana. Amalume anafuna kugula kachewere, ine ndinati katundu wolemera amadya batire.

"Ukufuna ndikalowe m'mudzi mwa eni ndi sopo yekha, chikhalirecho ndadutsa pa Lizulu?" anatero. "Ukachepetse thupi lakolo ngati ukufuna ipepuke."

Theka la thumba linalowa m'buti. Koma potsetsereka kulowera ku Ntcheu kunachitika chinthu chimene chinawasiya kukamwa yasa. Nambala ija inayamba kukwera yokha, chifukwa galimoto zimenezi zikamatsika phiri zimabwezera moto m'batire. Amalume anavula chipewa.

"Ha! Ikudzithira yokha mafuta? Ayi, amene anapanga chinthu ichi mutu wake unkagwira ntchito."

Tinafika pa Ntcheu cha m'ma teni, patatsala makilomita makumi anayi okha, pomwe ku Liwonde kumene tinkafuna kukagona kunali kuwirikiza kawiri. Amalume anali atakonzeratu ndi mnzawo wakale, a Lameki, wowotcherera zitsulo, kuti tikatchaje pa shopu yake. Tinawapeza atakhala pa chitini, manja ali m'masaya. Magetsi anali atazima kuyambira m'bandakucha.

Kudikira kwa pa Ntcheu sindidzakuiwala. Anthu anatiunjirira. Wina anapempha kuti nditsegule boneti, ataona kuti mulibe injini anandiyang'ana mondimvera chisoni, akuganiza kuti anandibera ku doko. Mayi wina wogulitsa nthochi anafunsa ngati munthu sagwidwa nyesi akaikhudza mvula ikugwa. Ndinayankha mafunso omwewo mpaka kukhosi kuuma. Amalume anali phee, akusewera bawo ndi a Lameki ngati tabwera kudzacheza. Ndikati ndidandaule ankangoti, "Walira mvula walira matope, mphwanga. Unathawa mzere wa mafuta, nawu mzere wa magetsi."

Nthawi itangopitirira 2 koloko, tauni yonse inakuwa pamodzi, "Abweraaa!" Panali anthu atatu odikira kuti awawotcherere, wina ngolo, wina chipata. A Lameki anawapepesa onse, akuti waya wa pashopu sungapirire makina ndi galimoto pamodzi, ndipo mwana wa mlongo wa mnzawo akukafunsira mbeta. Anataya ntchito ya masana onse chifukwa cha ine amene anali atangondiona kumene. Koma kutchaja pa soketi wamba kuli ngati kudzaza diramu ndi supuni. Pofika 5 koloko nambala inkangoposa pang'ono mtunda wa ku Liwonde, ndipo kumwamba kunali kutada bii.

Apa ndi pamene satana anandilowa. Amalume anali atapita ndi mnzawo kukadya kanyenya kuseri kwa msika. Ndinakumbukira mawu a anzanga a pafoni aja, n'kuganiza kuti mwina makilomita asanu apadera amene ndikufuna akudyedwa ndi makutu a njovu aja. Ndinatenga sipanala n'kuyamba ndi fulapu ya kumbuyo kumanzere, chifukwa mbali imeneyo inali kukhoma, kosaonekera. Ndinamasula mabawuti awiri n'kuwaika m'mphepete mwa ngalande. Mvula inayamba kuwaza.

"Ukutani pamenepo?"

Ndinadzidzimuka n'kuponda mabawuti aja, onse awiri n'kugwera m'ngalande momwe madzi anali atayamba kale kuthamanga. Amalume anayang'ana fulapu ili m'manja mwanga, anayang'ana mabowo awiri aja, kenaka anayang'ana ine.

"Chotsanso atatu enawo," anatero motsitsa mawu, "kuti galimoto iuluke."

Sindinachotse. Ndinaponya fulapu ija m'buti pansi pa kachewere, tinatsanzika a Lameki n'kunyamuka. Kuchokera pa Ntcheu mpaka pa Balaka amalume sanalankhule, ndipo kuipa kwa galimoto yamagetsi n'kwakuti mulibe phokoso la injini loti munthu ubisalemo. Ndinkamva ngakhale kupuma kwawo. Manyazi anandigwira, makamaka poona kuti nambala ija sinandionjezere ngakhale kilomita imodzi. Tinayenda ngati tikuperekeza maliro, malole olemera akutipitirira, mpaka tinawoloka Shire patatsala makilomita asanu ndi imodzi. Mayi wa pa nyumba yogona alendo analola kuti tidutsitse chingwe pawindo la chipinda, ndipo kutacha batire linali pafupifupi lodzaza.

M'mawa umenewo amalume anatuluka atavala suti ija, tayi yofiirira, nsapato zikunyezimira. Sindinawaonepo akuoneka bwino chotero. Mkwiyo unali utawathera. Kukwera Machinga ankandiphunzitsa zoti ndikachite: ndikakhale chete, ndisakayang'ane akuluakulu m'maso, ndisakatulutse foni, ndipo za galimoto ndisakayambe ndine kuzitchula. Zomba tinangodutsa, Jali chimodzimodzi, phiri la Mulanje lili kutsogolo kwathu litafunda mitambo. Cha m'ma hafu teni tinasiya msewu wa tala. Mervis, amene anali atatsogola kumudzi masiku atatu m'mbuyomo, anaimba kuti a Muhiwa akutidikira pa chigayo cha pamphambano kuti atilondolere njira.

Ndinawazindikira patali. Anali aatali, ochepa thupi, mphunzitsi wopuma pantchito, atavala jekete yoyera mbee ndi buluku lositidwa bwino, ambulera ili m'khwapa. Titaima anayamba ayang'ana wotchi, kenaka ife. Anapatsana moni ndi amalume mwaulemu wonse, ine anangondigwedezera mutu. Amalume anawasiyira mpando wakutsogolo n'kukakhala kumbuyo. Galimoto itayamba kuyenda popanda kulira, a Muhiwa anagwira chitseko mwamphamvu, n'kusiya msanga atazindikira kuti ndawaona.

Msewu unalowa m'dambo. Amene sanaonepo makande a ku Phalombe nthawi ya dzinja sadziwa matope. Ndi akuda, onata, oterera ngati therere. Ndinayenda bwino makilomita angapo, mpaka pamalo pena pamene ngolo zinakumba ngalande ziwiri. Galimoto inatsetsereka n'kukhala pansi. Ndinayesa kutsogolo, ndinayesa kumbuyo, matayala ankangozungulira. Nthawi inali kota pasiti leveni, kumudzi kunali kudakali kutali, ndipo anthu onse anali uko m'minda ya mpunga.

"Malume, khalani pachiwongolero ine ndikankhe," ndinatero.

"Iwe, waiwala za ku Biwi? Phazi langali lingatiponye tonse mumpunga."

A Muhiwa anayang'ananso wotchi. "Ine ndinati 12 koloko pakhomo panga, osati m'dambo," anatero. "Koma sindikufuna mudzanene kuti ndinangokhala osathandiza." Anapinda buluku, anasiya ambulera pampando n'kutsika.

Iwo anakhala mpando wa kumanzere, choncho anatsikira kumanzere, n'kulunjika bwinobwino kumbuyo kwa tayala lomwe lija ndinalivula. Ndinawaona pagalasi ataika manja pagalimoto, jekete ili mbee, tayala lopanda fulapu lili pamaso pawo ngati mfuti. Ndinafuna kuwachenjeza za matope. Ndikanati chiyani kwa munthu amene sanandilankhulebe?

Amalume anali atatsikira kumanja. Ndinawaona ataima, akuyang'ana pansi, kenaka anazungulira mofulumira.

"Pepani bambo," anatero, "tasinthanani nane. Phewa langa lakumanjali ndi lovuta, mbali iyo sindingakankhe bwino."

Phewa limenelo ndi lomwe amamenyera nyundo tsiku lonse ku Biwi, silinadwalepo. A Muhiwa anasuntha n'kupita kumanja. Amalume anaima kumanzere, anamanga mabatani a suti yawo onse atatu, n'kuweramira galimoto.

"Ponda, Lonjezo!"

Ndinaponda mofatsa momwe ndikanathera, koma galimoto ija siidziwa kufatsa. Matayala anazungulira, ndipo pagalasi la kumanzere ndinangoona mdima ukukwera m'mwamba. "Pondabe! Usasiye!" Mawuwo ankatuluka ngati a munthu amene ali ndi phala m'kamwa. Galimoto inagwedezeka, inabwerera, inagwedezekanso, kenaka fwuu, inatuluka n'kukaima pouma.

Ndinatsika n'kubwerera kumene anali. A Muhiwa anali ndi matope ku nsapato ndi timadontho tingapo m'munsi mwa buluku, jekete ili yoyera monga inalili. Amalume anga ndinawazindikira ndi maso okha. Kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato anali makande okhaokha, tayi ikudontha, suti ya phulusa ija itasanduka chikumba cha mvuu. Analavula, anapukuta kukamwa ndi kuseri kwa dzanja, n'kunena kuti, "Tiyeni, nthawi ikutha." A Muhiwa anawerama, anayang'ana pansi pa galimoto kumanja, anayang'ananso kumanzere. Tinalowa pakhomo pawo patatsala mphindi khumi.

Amayi amene anayamba nthungululu anaidula pakati amalume atatsika, ena n'kubisa nkhope m'zitenje. Anawapatsa madzi kuseri, anasamba kumaso ndi m'manja, koma zosinthira panalibe kupatula ovolosi ya mafuta ija. Apo a Muhiwa anavula jekete yawo yoyera n'kuwaveka ndi manja awo. Inawathina m'mapewa ndipo manja ake anali aatali, koma amalume analowa nayo m'nyumba mutu uli m'mwamba, kukandilankhulira.

Ine ndinatsala panja pafupi ndi galimoto, monga mwa mwambo, pamene achibale ankatsitsa katundu m'buti. Ndinadikira maola awiri pansi pa mtengo wa mango. Mervis anadutsa ndi ndowa pamutu osandiyang'ana, n'kunong'ona kuti, "Amalume mwawatani inu?"

Atandiitana ndinalowa chowerama n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko. Pakati pa mphasa, pomwe ndinkayembekeza kuona mbale, panali fulapu ija. Achibale aja anali ataipeza pansi pa kachewere.

"Amalume anu akuti mphira iyi inagwa yokha panjira," anatero a Muhiwa. Aka kanali koyamba kundilankhula. "Ine ndaphunzitsa ana zaka zambiri, koma sindinaonepo chinthu chogwa panjira n'kudzilowetsa chokha m'buti. Inachoka bwanji?"

Amalume ankayang'ana kudenga. Ndinanena zonse, za nambala ija, za anzanga a pafoni, za sipanala, za mabawuti a m'ngalande, ndi kuti ndinasankha mbali ya kukhoma kuti asandione.

"Ndiye munapindula makilomita angati?"

"Ngakhale imodzi, bambo."

Wina kumbuyo anaseka n'kudzigwira pakamwa. A Muhiwa anatembenuza fulapu ija m'manja, akuyang'ana mmene inadulidwira.

"Woyendetsa amangoona kutsogolo," anatero. "Mphira iyi si ya woyendetsa, ndi ya amene ali kumbuyo akukankha. M'banja mudzatitimira kangapo, ndipo wokankha adzakhala mwana wathu. Inu panokha sindinakudziweni bwino, ndipo galimoto yanu ndi yodabwitsa koma siikwatira. Chimene ndaona ndi bambo awa. Anandinamiza kawiri lero, za phewa ndi za mphirayi, ndipo konseko sanadzinamizire okha. Ngati munakula m'manja amenewa, mwina china chake chinakulowani. Tavomera."

Nthungululu inaphulika panja, chifukwa amayi anali akumvetsera pawindo. Ine ndinangoweramitsa mutu n'kuomba m'manja.

Tisanadye ndinapempha waya. Ndinagona chagada pabwalo lonyowa, malaya anga atsopano ali momwemo, n'kumangirira fulapu ija pamalo pake. Amalume anaima pamwamba panga ndi jekete ya eni ija, akundiuza kuti ndapotokola, ndimasule ndiyambirenso. Ndinamasula kawiri. Titabwerera ku Biwi anaika mabawuti atsopano, ndipo mpaka lero mafulapu anayi onse alipo. Ngati amadya batire, amadya pang'ono moti ine sindinathe kuona, ndipo penti ya m'munsi ili monga ndinaigulira. Pa gulu la pafoni wina akafunsa ngati n'kofunika kuika mafulapu, ndimangomuuza kuti apite ku Phalombe mu February.

Suti ija inachapidwa katatu, inapitanso kwa ochapa a m'tauni, koma makande sanachoke onse. Pachifuwa ndi m'mapewa panatsala mthunzi wodera ngati mapu. Ukwati utayandikira ndinawagulira ina yatsopano, yakuda, n'kuwapititsira ku Chipasula. Anaiyesa, anaiyamikira, anaipachika. Pa tsiku la ukwati ndili kutsogolo m'tchalitchi ku Kawale ndinatembenuka, n'kuwaona akulowa pambali pa a Muhiwa atavala ya phulusa yomwe ija, mabatani onse atatu atamanga. Titatuluka ndinawakokera pambali.

"Malume, nanga yatsopano ija?"

Anasisita pachifuwa pamene panali mthunzi paja.

"Yatsopanoyo sinagwirepo ntchito," anatero. "Iyi ndi imene inakupezera mkazi."